Mchere Wachikasu

Sifeliya wabwera ndi nyundo ya mlomo ngati wa gogomole,
nsapato zolemera ngati za msilikali,
ndi thumba la miyala yolembedwa manambala.
Zaka zinayi ku Zomba. Mbuzi zisanu ndi ziwiri ndinagulitsa
kuti mwana adzanditolere miyala,
ngati kuno ku Nchalo tasowa chogendera agalu.

Wandipeza kuseri, ndikuphika mchere.
Dothi ndinapala dzulo kudambo, ndalisefa m'ndowa yobowola,
madzi ake akubwata pachiwaya cha mgolo wodula pakati.
Malume ake, a Khembo, atsamiritsa kabaza pamgwalangwa.
Alibe moni. Akuti: Iwe wophunzira,
anzathu kutsidya akukumba golide, agula njinga zamoto.
M'munda mwangamu mulibe?

Mwana sanayankhe. Wanjuta pafupi ndi moto wanga,
walanda chipande, akuloza thovu.
Akuti: Amayi, golide amaphikidwa chonchi.

Akuti kalekale, kopanda munthu woti awerenge zaka,
pansi pa nyanja ina panakankhana ndi mtunda,
pamene panagonja panamira, nkukasungunuka kunsi,
ndipo chiphalaphala chinakwera, chinabala mapiri amoto
ondandalikana mokhota ngati uta.
Mvula inkagwa pamapiripo, monga igwera ku Thyolo uko,
nkulowa m'ming'alu, kutsika, kutsika,
mpaka kukagunda mwala umene sunazizire.
Kumeneko madzi amapsa koma sawira,
phiri lawakhalira pamutu ngati chivundikiro.
Amanyambita mwala, amaba sulufule, siliva,
ndi golide wochepa kuposa misozi ya udzudzu.

Ndiye dziko ligwedezeke. Mng'alu utseguke.
Madzi athawire kumwamba, chivundikiro chachoka,
awire mwadzidzidzi, nthunzi ipite kwawo,
katundu yense amene anasenza amutula pakhoma la mng'alu.
Mawa lake, kapena patapita zaka chikwi, chimodzimodzi.
Mzere pamwamba pa mzere, nsangalabwi yoyera,
pakati pake kaulusi kachikasu.
Watulutsa mwala m'thumba, wauthira malovu, wandipatsa.
Ndaona mizere ngati ya m'mphepete mwa chiwaya changa
pamene madzi aphwera katatu osachitsuka.

Ndaseka. Ndiye kuti pansipa pali mayi wina
wosonkhezera moto, wopanda nkhuni zogula?

A Khembo sakuseka. Nanga munda wanga?

Akuti: Malume, moto wathu unali wina.
Kuno dziko silinakankhane, linang'ambika,
ndi chifukwa chake tikukhala m'chigwa, Shire nkumatimiza.
Chiphalaphala chathu chinangotayika pansi ngati phala la mwana,
m'matumba a mpweya wake munatsala timiyala tobiriwira
tija amafukula ku Ngabu.
Sindikuti golide kulibe konse.
Koma pansi pa thonje lanu pali matope,
pansi pa matope matope ena, akuya kuposa ngongole zanu.
Musagulitse ng'ombe.

Akwera kabaza osatsanzika. Tcheni chaphotchoka pamlambe,
atsika, akuchikonza atatifulatira.

Dzuwa la Okutobala lafika paliwombo.
Madzi aphwa, chiwaya chayamba kuthetheka.
Ndikukokolola mchere, wotuwa pang'ono, wonyowa,
mbale zinayi, mwina zisanu ndikapanda kudzaza.
Chaka cha madzi osefukira tinadya nyika zopanda mchere,
mwanayu ali kumsana. Sakumbuka.

Mwala wake ndauika pawindo, pafupi ndi sopo.
Usiku, atagona, ndinaunyambita.
Sukoma kanthu.
Koma ndinakhala nawo m'manja mpaka unafunda,
ndikuganiza za mayi uja wa pansi pa phiri
amene anaphika zaka zosawerengeka,
moto wake nkuzima, mapiri ake nkuperepeseka,
osadziwa kuti adzabwera ndani kudzakokolola,
kapena adzagula pamtengo wanji.